Powoloka Waya

Lero Ovidio akuphunzitsa mwana wanga kuwoloka mpanda.
Ine ndagwira zingwe za akavalo chapatali,
mphepo ya ku Chubut ikundikutumula jekete
ngati ndabisamo kanthu.

"Tsegula, Zulema," akutero.
"Chotsa chipolopolo, ika m'thumba.
Suzumira m'kati. Pisamo kachala,
maso amanama kukamada.
Tsopano igoneke pansi pa waya wotsiriza,
kukamwa kwake kuloze kuphiri,
kopanda munthu, kopanda nkhosa, kopanda galu.
Iwe ukawolokere pamtengo winawo."

Mwanayo akuseka.
"Amalume, ndangochotsa kumene, mwaona nokha."
"Ndaona. Suzumiranso."

Mpanda wake ndi womwewu,
mitengo khumi chabe kumunsiku.
Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.
Nkhandwe inali itatha ana a nkhosa asanu sabata imodzi,
tinailondola kuyambira m'bandakucha osaipeza,
zala zitauma gwa ndi chisanu,
mimba zikulira, tikuthamangira kunyumba.
Iye anawoloka kaye.
Ine ndinamupatsira mfuti pakati pa mawaya
monga umapatsira mnzako ndodo,
kukamwa kutsogolo.
Kaya unali munga wa waya, kaya chala changa,
mpaka lero sindidziwa chinakhethemula.

Phokoso silinali lalikulu, mphepo inalilanda.
Ndinangoona mlongo wanga akukhala pansi pang'onopang'ono
ngati munthu amene wakumbukira chinachake.

Ndinamumanga ntchafu ndi lamba wa chishalo.
Maola atatu pamsewu wamiyala wopita ku Esquel,
bambo akuyendetsa ali duu,
ine kumbuyo kwa lole, mutu wake pamiyendo panga,
ndikubwereza mawu anayi okha:
ndimayesa kuti mulibe kanthu,
ndimayesa kuti mulibe kanthu.
Dokotala posamba m'manja anati
mawu amenewo amawamva chaka ndi chaka
ndipo sanawaonepo akutseka bala.

Mwendo anausiya, koma unafupika.
Nsapato yakumanzere ya Ovidio ili ndi chidendene chokhuthala
chomwe amamukhomera msoki wina wa ku Tecka.
Usiku akamapita kukaona nkhosa zobereka
ndimamumva pamathabwa:
gu, khwee,
gu, khwee.
Zaka makumi awiri ndi zitatu sanandinenepo.
Bwenzi atandikalipira ngakhale kamodzi,
mwina ndikanagona.

Kwathu mfuti imagona m'kabati yachitsulo, yokiya,
zipolopolo m'chitini cha mabisiketi kuchipinda china,
nachonso ndi loko wake.
Amaziwerenga potuluka, amaziwerenga pobwera,
ndipo chikasowa chimodzi nyama imazizira patebulo
mpaka matumba onse atapindidwa kunja.
Ometa nkhosa akabwera amamuseka,
amati munthuyu amaopa chida chake chomwe.
Iye amangowapatsira tiyi wowawa wa m'kachikho
n'kuwongola mwendo pafupi ndi mbaula.

Taonani, Zulema wawoloka.
Wayenda kubwerera, watola mfuti cha kumbuyo kwake,
chala chawongoka m'mbali, kutali ndi kachitsulo.
Watsegulanso.
Palibe wamuuza.
Wasuzumira, wapisamo kachala,
waonetsa amalume ake kabowo kopanda kanthu.

Ovidio sakumuyamikira.
Akungoyang'ana kumene ndaima ine,
kenako akuwerama, akunyamula bondo lake ndi manja awiri,
ndipo mwanayo wagonekanso mfuti pansi,
waponda waya wam'munsi, wakweza wapakati,
kuti mwendo waufupiwo udutse.

Amadziwa kuti amalume ake anavulalira pampanda.
Sadziwa kuti tsidya lino kunaima ndani.
Ndimuuza usiku uno, mbale zikatsukidwa,
asanayambe kuganiza kuti zotere
zimachitikira anthu opusa okha, akutali,
osati mayi ake omwe amawerenga nkhosa chikwi osaphonya.

Akavalo akukoka zingwe.
Chipolopolo chikadali m'thumba la mwanayo,
ndikuchiona chatukumuka pansalu.