Ndimu, Mchere ndi Nthenga ya Nkhuku

Loweruka masana, magetsi akazima ku Ndirande,
ndimatsitsa chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati.
Muli zitoliro zisanu ndi ziwiri,
zonse zamkuwa,
zodulidwa ku mapaipi a mafiriji akufa
amene malume a Likhutcha ankatola kuseri kwa mashopu ku Limbe.

Ankati mkuwa uli ngati munthu, umachita thukuta.
Ukaugoneka ndi malovu ako usiku umodzi
m'mawa uupeza utavala ndere.
Ine ndinkaseka.
Ndinali wa zaka khumi ndi zitatu,
ndinkafuna nyimbo, iwo nkundipatsa chiguduli.

Chiperoni cha chaka chino chalowa mpaka m'chitini.
Taonani kakang'ono aka,
kolira ngati pumbwa mbandakucha,
kabiriwira pakamwa ngati mwala wa mu Nasolo.

Ndimadula ndimu pakati,
nkuwaza mchere, pang'ono chabe,
pakuti ukachuluka umakanda
ndipo bala la pamkuwa silipola.
Ndimayambira kumchira, kupaka mozungulira,
kufiira kumabwerera ngati munthu wochira malungo.
Ndikafika pa zibowo ndimachepetsa dzanja.
Pamenepo zala zawo zinadya chitsulo,
zinasiya timaenje tosalala
tomwe zala zanga sizidzaza.

M'kati mumalowa nthenga ya nkhuku.
Imatuluka yakuda bii:
fumbi la ku Makata, utsi wa mbaula,
tsiku lina dothi la mavu amene anamangamo nyumba
osapempha kwa mwini.

Pakamwa pali kachitsekero ka mlombwa.
Kameneko kamadana ndi madzi,
kakanyowa kamatupa, mawu nkusasa
ngati kondakitala wa minibasi dzuwa likamalowa.
Ndimakamata ndi phula la njuchi
lomwe ndimagula kwa mayi wina wa ku Chilomoni,
amene amaganiza kuti ndi mankhwala a zidendene.

Bambo a kunyumba anandiuzapo:
mkuwa wakwera mtengo, kagulitse,
tipezeko thumba la makala.
Ndinapita, sindinama.
Mnyamata wa pasikelo anazikhuthulira m'thumba la saka,
muvi sunafike ndi theka la kilo lomwe.
Anatola chimodzi, nkuchipukuta pa malaya,
nkuuzira mongoyesa.
Owotcherera mageti anakweza magalasi awo.
Mayi wa zitumbuwa anaiwala chenje m'manja.
Mnyamatayo anandiyang'ana, nati:
mayi, izi ine sindingaphwanye ndi hamala.
Ndinabwerera wapansi, chitini kukhwapa,
ndipo usiku umenewo tinaphikira zinyatsi za matabwa.

Chachisanu ndi chiwiri sichinathe.
Chili ndi zibowo zinayi basi.
Pa ziwiri zotsalazo pali timizere ta msomali,
pomwe anayeza asanawatengere ku Gulupu
chifuwa chitakana kubweza mpweya.
Chimenechi ndimangochipukuta ndi nsalu youma.
Ndimu angafufute timizereto,
ndipo ine sindidziwa muyeso wake.
Ankayeza ndi khutu, atatsinzina,
lilime lili pakona pa mlomo.

Zonse zikauma ndimaziyala pa mkeka,
pamthunzi, chifukwa dzuwa limasungunula phula.
Kenako ndimauzira chilichonse kamodzi,
osati nyimbo, ayi, mpweya umodzi wokha,
kuti chisaiwale ntchito yake.
Pakamwa panga pamatsala kukoma kwa ndalama yachitsulo
mpaka nthawi ya tiyi.

Lero Tiyanjane wakhala pakhomo, mawondo kuchibwano,
wandiyang'anira kuyambira pa ndimu mpaka pa phula.
Amayi, ndilizeko chachitalicho.
Dzanja lake latambasuka kale,
zala zopyapyala, zokhala ndi inki ya kusukulu.

Ndamupatsa chiguduli.
Wakwinya nkhope,
monga momwe ndinakwinyira ine,
koma wachilandira,
ndipo wayambira kumchira
osauzidwa.