Mipando Isanu ndi Itatu

Lachiwiri, mvula ikumenya mawindo a ofesi,
bwana Teodoro anasuzumira pakhomo, foni ili kukhutu:
"Jandira, lero ndikagone ku Buenos Aires,
mawa m'mawa tikusaina.
Osati ndege ya chigulu ija. Ya hayala."

Ndinaimba manambala atatu.
Awiri anapepesa.
Wachitatu anatchula mtengo
woposa malipiro anga a chaka chathunthu,
ndipo ndinaulemba pakapepala kachikasu
dzanja osanjenjemera.

Akwera angati?
Mmodzi.
Mipando ilimo isanu ndi itatu, yachikopa.
Mmodzi basi.
Khofi? Wopanda shuga.
Nyuzipepala? Sawerenga, amangogona.

Sikisi koloko iye ananyamuka, inenso ndinanyamuka:
iye kuboola mitambo,
ine choimirira m'basi ya ku Grajaú,
chigongono cha mwini chili m'nthiti mwanga,
São Paulo yense atamangana mfundo,
magalimoto akufwenthera pamalo amodzi
mpaka mwana wa pampando wakutsogolo
anagona, kudzuka, n'kugonanso.

Ndisanaone n'komwe magetsi a kwathu
foni inanjenjemera m'thumba:
"Ndatera. Ambulera yanga ili kuti?"

Inali m'manja mwangamu,
ikudonthezera nsapato zanga.
Ndinayankha kuti ndiifufuza mawa.

Kumwambako, penapake pamwamba pa mvula,
ndege ija inali itatembenuka,
ikubwerera yopanda munthu,
mipando isanu ndi itatu,
malamba ake atamangidwa bwinobwino,
ndipo ine miyendo inali itachita dzanzi.