Kope la Lachisanu

Lachisanu usiku ku Rosettenville,
m'chipinda chimene bedi limagundana ndi chitofu,
ndimakhuthula malisiti onse patebulo
ngati munthu wosankha miyala mu mpunga.
Zione amabwera ndi kope lake lakale la masamu,
lija linatsala masamba oyera kumapeto.
Ine ndiwerenga, iye alemba.

Buledi, kanayi sabata ino.
Mafuta ophikira, malita awiri.
Nkhuku ya m'kabokosi ija tinagula m'tauni
tsiku limene ndinatsika takisi miyendo ikunjenjemera:
marandi makumi asanu ndi atatu,
tinawatafuna choimirira.
Mwana sakundiyang'ana.
Wangodula mizere iwiri pansi pake.

Randi ya ku Joni ili ndi miyendo.
Imalowa Lachiwiri itavala nsapato kale.
Mwini nyumba atengapo, mita ya magetsi itengapo,
ina ikwera basi ya ku Balaka
kukagula mankhwala a shuga a achimwene,
yotsalayo ndiye akuti tidye mwezi wathunthu.

Ndiye ndaphunzira.
Sindilowa m'sitolo ndili ndi njala,
njala imakankha ngolo kuposa manja.
Ndimapita ku msika wa Yeoville Loweruka madzulo
ogulitsa atayamba kumanga matumba,
pamene matimati ofewa amasiya kunyada.
Ndimawaphika onse usiku womwewo
n'kuwagawa m'timakontena ta majarini:
aka ka Lolemba, aka ka Lachitatu,
aka ka tsiku limene sindilidziwa.

Thumba la anyezi timadulirana pakati
ndi Mai Sibanda a chipinda chachitatu.
Chinenero chawo ndimachimva mwapatalipatali
koma pa mtengo wa anyezi sitisemphana.

Nyemba zimagona m'madzi ife tikugona.
M'mawa zikangowira ndimazimitsa,
n'kukulunga poto m'bulangete la Zione
kuti zipse zokha tili kutali,
mita isazimve.
Mwana amadandaula kuti amalota nyemba.

Ku Parkhurst, kumene ndimasita malaya a anthu,
kuseri kwa dziwe losambiramo kwamera bonongwe.
Abwana akuti ndi udzu, azulidwe.
Ndinati eya, ndizula ndine.
Ndinabwera naye m'jumbo pamiyendo mu takisi,
ndinamutendera, tinadya masiku awiri.
Tsiku lomwelo ndinali nditataya m'bini mwawo
theka la nkhuku imene inangowakwana m'maso.
Izi sindinamuuze mwana. Sizilowa m'kope.

Mafupa a kwa abutcha ndi msuzi wa masiku atatu.
Mpunga wa dzulo ndi dzira limodzi ndi chakudya chatsopano
ukangouthira anyezi ndi kuutchula dzina lina.
Kabichi, iwe kabichi,
takudya wokazinga, takudya wotendera,
takudya mpaka chitsinde,
tikadzalemera sitidzakupatsa moni.

Koma pali liwu limodzi
limene sindinalitchule ine.
Sabata ndi sabata, m'mphepete mwa tsamba,
ndi pensulo yofooka ngati ikuopa kumveka,
Zione amalembapo: yogati.
Kenako amafufuta yekha
ndisanafike pamenepo.
Pepala lafika poonda pamalo pake.

Lero tawonkhetsa mwezi wonse.
Wabwereza kawiri, lilime lili pakona ya mlomo.
Amayi, zatsala. Marandi zana ndi makumi anayi.
Ndinati bwerezanso. Zatsaladi.

Zana ndapinda kanayi, ndalowetsa m'chitini cha tiyi.
Mawa sadziwika, walinga utaona.
Makumi anayi ndawagwira m'manja.
Kunja magetsi azima, msewu wonse uli bii,
koma kashopu ka Msomali pakona kali ndi kandulo.

Vala juzi, ndamuuza.
Tenganso pensulo.
Ulembe pakati pa tsamba, ndi zilembo zazikulu,
ndipo chofufutira chisiye pomwepo.