Dzenje la Kuseri kwa Hositelo

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuyatsa dzenje ili
Lachisanu lililonse, dzuwa likapendekera ku Msekera.
Mapepala a mayeso, timatumba ta chipisi, mabotolo a maheu,
nsapato imodzi yotaya mnzake,
zonse ndinkazipatsa kamtengo kamodzi ka machesi.
Utsi unkakwawa mpaka m'mawindo a atsikana,
iwo n'kutseka, n'kumadandaula m'Chingerezi.
Pa yunivesite yonse ndinali "ankolo a moto", basi.

Chaka chatha kunali tsiku lobzala mitengo.
Mahema, mipando yoyera, zokuzira mawu zobwereka.
A Dokotala Nkhuwa anagwira khasu ngati khanda la eni,
anabzala mbawa imodzi, kamera n'kuphethira.
Mbande mazana atatu zinalowa m'nthaka tsiku limenelo,
alendo anamwa madzi a m'mabotolo
amene ndinatola ine m'mawa mwake, masaka anayi.
Pofika Okutobala zinatsala khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Zina chiswe, zina mbuzi zolowera pa waya woduka,
zambiri ludzu.

Kenaka kunabwera Mzondwase,
wa chaka chachiwiri, njinga yopanda buleki yakumbuyo,
kope m'manja, mphumu m'chifuwa.
Sanandiuze kuti ndileke.
Anakhala pa njerwa, nafulatira utsi, nafunsa:
"A Ziwa, madzi ochapira aja amathera kuti?"
Ine kudabwa, dzina langa walitola kuti mwanayu.

Ndinamulondolera kuseri kwa mabafa
kumene madzi a sopo amayenda okha usiku ndi usana,
kutsata ngalande, kukasaka Lunkhwakwa.
Tinakumba kamfuleni, Loweruka ndi Loweruka,
tinayala mchenga, makala otsala m'mbaula,
miyala yotola m'munsi mwa Kanjala,
kuti thovu litsale, madzi apitirire kumizu.
Anyamata ophunzira zamalamulo ankationerera pakhonde.
Sabata yachitatu awiri anatsika,
wina atavala silipasi,
matuza anamutuluka isanakwane teni koloko.
Anatukwana khasu. Anabweranso.

Lero dzenje langa taligawa patatu.
Makoko a nthochi ndi zinyenyeswa za kabichi za ku kantini
timafotsera ndi masamba ouma;
ndikapisamo mkono mukutentha, popanda machesi,
moto wina umene sindinkaudziwa.
Mabotolo amadzatenga Amayi Zelipa a ku Kapata,
amagulitsiramo thobwa ndi mafuta ophikira,
ndipo amasankha ngati akugula chitenje.
Timapulasitiki topyapyala tija ndito tatikanika.
Tikuunjikana m'masaka kuseri kwa sitolo,
komiti ikuti nkhaniyo ili pa tebulo.
Mphepo ya Ogasiti ikadzuka
tina timathawa, kukakolekeka pa waya ngati mbendera za chipani.
Kunena zoona, nthawi zina chala chimandiyabwa.

Padenga la laibulale aikapo magalasi a dzuwa asanu ndi limodzi.
Magetsi akathima Chipata yense
ana amathithikana m'menemo ngati ngumbi pa nyali,
ena pansi, ena pa masitepe,
kulimbirana pobaya mafoni.
Jenereta yakale ija yagona tulo,
nalimata waikira mazira pa thanki yake.

Mzondwase amaliza chaka chamawa.
Akuti Lusaka, mwina kupitirira.
Mthunzi wa mbawa izi sadzaukhalira,
nanenso, ndi mawondo angawa, kaya.
Dzulo tinaziwerenga, iye ndi kope, ine ndi chala:
khumi ndi zisanu ndi ziwiri zija zilipo,
ina yandipitirira paphewa.

Mu lipoti lopita kwa akuluakulu
makina analemba mayina a komiti, ndi maudindo awo.
Pansi penipeni, ndi bolopeni yotha inki,
iye anawonjezera langa.

Bokosi la machesi likadali m'thumba la ovolosi.
Lanyowa ndi thukuta, lafewa m'makona.
Sindinayese ngati lingayake.