Zitenje Zitatu

Ndimavala zitenje zitatu ngakhale mu Okutobala,
Mangochi atapsa, phula likumata patapata.
Anzanga a pamsika wa M'baluku amati Abiti Mkwanda wayamba matama,
akuonetsa katundu wa ku Chiponde.
Sadziwa kuti chamkati n'chomwa madzi,
chapakati n'chobisa chamkati,
chakunja chokhachi ndiye chovala.

Zinayamba ndi dzino,
chaka chimene Che Jawadu anapita ku Joni
n'kusiya jumbo ya chingambwe pamwamba pa kabati.
Mlamu anati kokani kawiri, utsi uziziritsa.
Dzinolo anakalizula ku Koche.
Utsi unatsala.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ndikupichirira m'mapepala a makope akale a ana.
Masamu a Sumaila ndinawasuta onse
kuseri kwa bafa, kunja kusanayere.
Kenaka chifuwa chinabwera ndi mphasa yake,
chinayala, chinakhala.

Ndikati kho! kunsi kwati tho.
Ndikayetsemula, tho.
Ndikasenza dengu la tomato, ndikathamangira minibasi,
ndikaseka.
Kuseka ndinasiya.

Idrusi wa kabaza
anandipalasa kuchokera pamlatho mpaka kwa Mponda.
Pabampu ndinatsokomola.
Nditatsika anayang'ana khushoni, anayang'ana kumwamba,
nati, "Amayi, thukuta la lero si masewera,"
napukuta ndi chipewa chake.
Ndinamuwonjezera faifi handede. Anakana.
Bwenzi atangonditukwana.

Lachisanu ndinkatawaza, ndinkaima pamzere wa amayi,
ndisanawerame n'komwe chifuwa chadula udhu.
Kubwerera kumpopi. Kawiri, katatu.
Masiku ano ndimaswalira kunyumba.
Akandifunsa ndimati mawondo.

Paulendo wa ku Namwera madzi sindinkamwa,
kungonyowetsa lilime,
lole ikukwera Chowe ine ndikuwerenga makhota,
miyendo nditaipana ngati ndabisa ndalama yakuba.

Kuchipatala cha boma ndinapita ndi nkhani ya chifuwa basi.
Namwino, kamtsikana koti ndikanakabereka ndine,
anayang'ana zala zanga ziwiri zachikasuzi,
kenaka anawerenga zitenje ndi maso.
"Ana angati?"
Asanu ndi mmodzi, amoyo asanu.
"Nanga fodya?"
Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma.

Anati chikhodzodzo ndi thumba lomanga ndi luzi kukamwa.
Ana asanu ndi mmodzi anakoka luzi lija,
chifuwa chikugwedeza thumba usiku ndi usana,
ndipo utsi umene mukuti umathera m'malere
umatsikanso, umakaputa chikhodzodzo.
"Madzi muzimwa, kudzimana kukuwonjezera.
Simuli nokha, amayi.
Benchi ili panjayo, mukanadziwa."

Potuluka ndinayang'ana benchi ija.
Amayi asanu ndi awiri, mu Okutobala,
ena atavala zitenje zingapo.

Anandiphunzitsa kufinya m'kati
ngati ndikuletsa mkodzo pakati pa msewu,
kuwerenga mpaka khumi, kusiya, kufinyanso.
Ndimafinya ndikuunjika tomato,
ndimafinya ndikubweza chenje,
wogula akudandaula mtengo, osadziwa kuti ndili pantchito ziwiri.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi ndisanasute.
Ayi, ndanama. Lachitatu.
Lolemba ndinagwa, Sumaila ataimba kuti amugwira opanda mapepala.
M'kamwa ndimaikamo bwemba kuti lilime lipeze chochita,
mutu umalira ngati chigayo cha dizilo,
mdzukulu wanga Rukia akuti ndasanduka mavu.
Chingambwe chimodzi chikadali pamfundo ya chitenje.
Sindinachitaye.
Sindinachiyatsenso.

Dzulo tonde wa Che Bwanali anadula chingwe,
anathamangitsa wodulitsa ziphaso za msika
mpaka pamulu wa makala, malisiti ali balala.
Chinanditulukira chokha, chiphwete cha kale,
cha ndisanadziwe dzino lija.
Kenaka ndinaima chilili pakati pa phokoso
kumvetsera kunsi.

Kadontho.
Kamodzi.
Chapakati chinali chouma gwa.

Madzulo ndinachapa chimodzi chokha,
chingwe choyanikira chinaoneka chachitali.
Mawa kuli msika waukulu, madengu ndi olemera,
ndivalabe zitatu.
Koma Lachisanu likubwerali
ndamuuza Idrusi adzanditenge isanakwane leveni.