Chimangirizo Chofotokoza

Ndimawauza ana a Fomu 3 ku Bembeke:
chiyambi, thunthu, kenako mathero,
ndipo mfundo iliyonse ibwere ndi umboni wake.
Mwatitha amalemba mothamanga, kalilime kali panja.

Loweruka ndinatsika basi pa Dedza boma
m'chifunga, chijasi cha pakaunjika chili pathupi,
chipewa chofika m'makutu, mphepo ya Juni ikuluma.
Patsogolo panga mayi wachizungu,
kachikwama kali lende paphewa.
Anacheuka.
Anacheukanso.
Kachikwama kanasamukira pachifuwa,
mapazi n'kuyamba kupupuluma.

Ine m'thumba munali choko chothyoka,
m'jumbo makope makumi anayi oti ndikachonge.

Koma mayiyo anali atandilemba kale.
Chiyambi: khungu.
Thunthu: msinkhu wangawu ndi chijasi.
Mathero: wakuba.
Umboni sanaufune.

Amene anawoloka msewu ndine,
kwathu konkuno, kumene kunagwera mchombo wanga.
Ndinaima pa mulu wa kachewere
n'kumafunsa mtengo woudziwa kale
mpaka iye atakhota.

Lolemba Mwatitha anakweza mkono:
Aphunzitsi, nanga umboni ukasowa timalemba chiyani?
Ndinatembenuka,
n'kumafufuta bolodi
loyera kale.