Telala pa Benchi la Kumbuyo

Kwa M'baluku, kuseri kwa chigayo,
Twaibu ali ndi shedi ya malata ndi mikeka,
pakhomo bolodi lolembedwa ndi choko:
lero ya magule, khomo mazana awiri.
Ndikatsekera makina anga osokera m'sitolo
ndimakakhala pa benchi la kumbuyo,
pomwe thukuta la anzanga limanunkha girisi wa njinga.

Nkhani yake ndimaidziwa asanaiyike n'komwe.
Mnyamata wosauka, mtsikana wa kumpanda,
bambo wolusa amene safuna phokoso pakhomo pake,
mpikisano Loweruka, wina wabinya phazi Lachisanu.
Nsalu yomweyomweyo, angosintha mabatani.
Yopyapyala ngati ya m'thumba la buluku,
munthu atandibweretsera ndingamuuze kuti akagule ina.

Nanga ndimabwereranji?

Imafika nthawi womasulira uja,
amene amaika Chichewa m'kamwa mwa anthu akunja,
amene aliyense amamutcha achimwene,
amangoti zii.
Mawu amuthera. Ng'oma yalowa.
Apa palibe chomasulira.
Phewa likagwedezeka m'tauni ya kutsidya kwa nyanja zamchere
la Asiyatu wa zitumbuwa limayankha pompano,
mwini wake osadziwa.

Ine ndine telala, maso anga amafuna msoko.
Kanema wabodza ndimamugwira msanga:
aonetsa nkhope, adula, aonetsa nsapato, adula,
dzanja apa, kuwala apo,
ngati mmisiri wobisa ulusi wothothoka mumpendero.
Wovina ndi wina, womwetulira ndi wina.
Koma wabwinoyo amaima patali osaphethira,
akupatse munthu yense, tsitsi mpaka chidendene,
umve wefuwefu wake,
uone pamene watsala pang'ono kugwa
n'kudzitola yekha m'malere.
Pamenepo ndimawomba m'manja ndekhandekha,
mazana awiri anga sanalowe m'madzi.

Lachitatu lapitali magetsi anazima
gulu lomaliza litangolowa m'bwalo.
Mdima, kutukwana, wina akuti tibwezereni zathu,
Twaibu akukoka chingwe cha jenereta yopanda mafuta.
Ndiye Jafali, kamnyamata ka kabaza ka pa mlatho,
kamene filimuyi kanaionera kasanu ndi kawiri,
kanati yatsani mafoni.
Tinakankha mabenchi. Wina anagogoda chigubu.
Anayamba monga amachitira a m'kanema,
mutu pansi, miyendo m'mwamba ngati sizasi yotsegula,
koma fumbi litakwera mapazi anakumbuka kwawo,
manganje anatuluka okha m'mawondo,
amayi ogulitsa mtedza pakhomo n'kuyamba nthungululu.
Amene anapambana kunja kuja sitinamudziwe.
Palibe anafunsa.

Bondo langa lamanzere linasiya beni kalekale,
yunifolomu ndinaidula, ndi kabudula wa mdzukulu tsopano,
wenzulo sindikudziwa kumene inagwera.
Koma m'mawa mwake pa khonde,
ndikupinda diresi ya ukwati ya mwana wa a Dalabu,
ndinangoona mapazi anga akupalasa chopondera
motsata chigubu cha dzulo,
singano ikudumpha, ikubwerera, ikudumphanso.
Msoko unakhota ngati njira ya woledzera.
Ndinauphwasula wonse ndikuseka,
mayi wa mkwatibwi akundiyang'ana ndi diso la kumbali
nandifunsa ngati malungo andiyambanso.
Ndinati ayi, ndi ulusi wa masiku ano.

Madzulo bolodi linali lomwelo,
Twaibu atangofufuta tsiku n'kulemba lina.
Jafali anali kale kutsogolo,
njinga ataitsamiritsa pa mpanda,
chibwano m'manja, milomo ikuwerenga masitepe.
Mnyamata wosauka uja anali akukanidwanso pa geti.
Ndinapisa m'thumba.
Ndinalipira.